Mabuleki Saduka Mwadzidzidzi: Phunzirani Kumva Chenjezo Lake

Amayi, takumbukirani ulendo womaliza umene gulu lanu linayenda. Mwina unali wa kumsonkhano wa dinale, mwina wa kum'bindikiro, mwinanso wokaperekeza mnzanu kumaliro kumudzi. Munasonkha ndalama, msungichuma anakalipira minibasi kapena lole, munavala yunifolomu, munapemphera musananyamuke, ndipo nyimbo zinayamba galimoto isanatuluke pabwalo la parishi. Pa zonse zimene munakonzekera, kodi alipo amene anafunsa dalaivala za mabuleki?

Ambiri sitifunsa. Timati zimenezo n'za abambo kapena amakaniko. Koma ngozi ikachitika, wokadikirira odwala kuchipatala ndi mayi, wolera ana otsala ndi mayi, ndipo nthawi zambiri amene amakhala atadzaza kumbuyo kwa lole ndi amayi omwe. Masiku ano amayi ambiri m'maparishi athu akuyendetsanso okha galimoto popita kuntchito, kokaoda katundu kapena kokasiya ana kusukulu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu. N'chifukwa chake nkhani ya mabuleki taiika pamasamba a zaumoyo.

Tikamva pawailesi kuti galimoto inaduka mabuleki, timaona ngati ndi tsoka longogwa ngati mphenzi. Kawirikawiri sizikhala choncho. Mabuleki amatha pang'onopang'ono, ndipo amayamba kudandaula kukadali milungu kapena miyezi. Inu mumadziwa kuti mwana wayamba kudwala asananene, pongoona kadyedwe ndi kaseweredwe kake. Luso lomwelo likhoza kukuthandizani pa galimoto. Zida zake muli nazo kale: makutu, phazi, manja, mphuno ndi maso.

Mmene mabuleki amagwirira ntchito

Dalaivala akaponda buleki, phazi lake limakankha mafuta apadera amene ali m'kapampu kotchedwa master cylinder. Mafutawo amadutsa m'timapaipi mpaka kukafika ku matayala onse anayi. Kuseri kwa tayala lililonse lakutsogolo kuli mbale yachitsulo yozungulira limodzi ndi tayalalo, imene amakaniko amati disiki. Mbali zonse ziwiri za mbaleyo kuli tizidutswa tolimba totchedwa mapadi. Mafuta aja akafika, amakankha mapadi kuti apane mbaleyo, tayala n'kusiya kuzungulira. Galimoto zambiri kumbuyo zili ndi mtundu wina: chitsulo chonga beseni, chotchedwa dilamu, chimene chimagwidwa kuchokera mkati. Ntchito yaikulu yoimitsa galimoto imagwiridwa ndi mabuleki akutsogolo, choncho ndi amene amatha msanga.

Pali zinthu zitatu zoti musunge pamenepa. Choyamba, mapadi anapangidwa kuti azipereseka, monga chimathera chidendene cha nsapato. Kutha kwake si tsoka, ndi nthawi chabe. Chachiwiri, kukhulana kwa mapadi ndi mbale kumatulutsa kutentha. Tapekesani zikhatho zanu mwamphamvu, mumva kufunda. Nanga kuli bwanji chitsulo choimitsa minibasi yodzaza anthu ndi matumba a chimanga? Chachitatu, mafuta a mabuleki amagwira ntchito chifukwa safinyika. Mpweya umafinyika. M'mapaipi mukalowa mpweya, kapena mafuta akatayika, mphamvu ya phazi siifika ku matayala. Pafupifupi vuto lililonse la mabuleki limachokera pa zitatuzi: kupereseka, kutentha, ndi mafuta.

Zimene makutu amamva

Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kakang'ono kamene anakaika dala kuti kazichenjeza. Padi ikapereseka n'kutsala pang'ono, kachitsuloko kamayamba kukhudza mbale n'kumalira kuti tswiii. Phokoso limeneli likamamveka tsiku ndi tsiku, mapadi atsala pang'ono kutha. Galimoto imaimabe bwino, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amanyengekera. Musadikire malipiro a mwezi wa mawa. Pitani kugalaja sabata yomweyo.

Si kulira kulikonse kumene kuli koopsa. Galimoto ikagona panja kukugwa mvula, pambale pamachita dzimbiri lochepa, ndipo m'mawa mabuleki amalira kawiri kapena katatu kenako n'kusiya. Fumbi la m'misewu yathu nalonso limaliritsa mabuleki. Kusiyana kwake n'kwakuti phokoso la dzimbiri kapena fumbi limatha, pomwe la mapadi otha limabwerabwera ndipo limanka likula.

Phokoso loopsa kwambiri ndi lokwecha, longa la munthu amene akupala mphika wopserera ndi supuni. Limatanthauza kuti padi yatheratu, ndipo chitsulo chikudya chitsulo chinzake. Apa galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime, ndipo mbale ija ikukumbika mizere. Amene akanangogula mapadi tsopano agula mapadi ndi madisiki omwe. Galimoto yokwecha chotere siyenera kunyamula anthu mpaka itakonzedwa.

Zimene phazi limamva

Buleki yabwino imalimba phazi lisanafike patali, ndipo imagwira pamalo omwewo nthawi zonse. Ngati mumayendetsa galimoto imodzi tsiku ndi tsiku, phazi lanu limapadziwa pamalopo. Pakasintha, musanyozere.

Buleki ikamafewa, kumamveka ngati mukuponda thonje kapena siponji, kawirikawiri m'mapaipi mwalowa mpweya kapena mafuta akutayika penapake. Amakaniko ayenera kupeza kaye pamene pakudontha, akonze, kenako achotse mpweya wonse m'mapaipi.

Mukaima pa maloboti phazi lili pa buleki, n'kumva kuti chopondera chikutsika chokha pang'onopang'ono mpaka pansi, dziwani kuti mafuta akuthawa. Mwina akutayikira kunja, kapena timphira ta mkati mwa kapampu kaja tatha. Chizindikiro chimenechi n'choopsa chifukwa pansi simungaone dontho lililonse, koma tsiku lina phazi lidzangofika pansi galimoto osaima.

Pali chizolowezi china chimene mungachione ngakhale muli pampando wa wokwera. Dalaivala akamayandikira siteji, phazi lake limaponda buleki kawiri kapena katatu motsatizana, kuipopa, ndiye galimoto n'kuyamba kuima. Madalaivala ena anachizolowera mpaka amaona ngati ndi mmene galimoto imayendera. Koma mwana akadumphira mumsewu, nthawi yopopa katatu sipakhala. Buleki iyenera kugwira pa kuponda koyamba.

Nthawi zina vuto limakhala losemphana ndi limeneli: buleki imauma gwa, mukuponda ndi mphamvu zonse koma galimoto ikuima mokakamiza. Apa chawonongeka kawirikawiri ndi chipangizo chimene chimawonjezera mphamvu ya phazi injini ikamalira.

Mukamaponda buleki pang'onopang'ono pamsewu wabwino n'kumva chopondera chikugundagunda kuphazi, madisiki aja sali osalala mofanana. Koma musasokoneze zimenezi ndi ntchito ya ABS. Galimoto zambiri za masiku ano, mukaponda buleki mwadzidzidzi pamsewu woterera kapena wa miyala, chopondera chimanjenjemera kwambiri n'kumalira. Imeneyo ndi ABS ikuteteza matayala kuti asatsetsereke. Musachotse phazi, pondanibe mwamphamvu uku mukuwongolera.

Zimene manja amamva

Galimoto yabwino imaima mowongoka. Ikamakokera kumanzere kapena kumanja nthawi iliyonse mukaponda buleki, ndiye kuti tayala limodzi likugwira kuposa linzake. Yambani mwaona mpweya wa m'matayala, chifukwa tayala lofewa limakokanso galimoto. Ngati mpweya uli bwino, mwina buleki ya mbali imodzi yakakamira, kapena mapadi ake anyowa ndi mafuta. Pamsewu wouma mukhoza kulimbana nayo ndi chiwongolero, koma nthawi ya dzinja galimoto yotere imatembenuka mosavuta, n'kukagwera m'ngalande kapena kulowa mbali ya galimoto zochokera kutsogolo. Chiwongolero chikamanjenjemera poponda buleki, makamaka pa liwiro, nachonso chikuloza ku madisiki akutsogolo.

Hendibuleki nayo iyeseni. Galimoto zina ndi yokoka ndi dzanja, zina zochokera ku Japan ndi yoponda ndi phazi lamanzere. Mukaikoka mpaka pamapeto koma galimoto n'kumasunthabe pamtsetse, ikufunika kukonzedwa. Ndiyo yokha imene imatsala buleki yaikulu ikakana.

Zimene mphuno imamva, ndi nkhani ya mitsetse

Dziko lathu lili ndi mitsetse yaitali imene imayesa mabuleki. Amene munapitako ku Mua kudzera msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti mukuidziwa. Ulinso wotsika kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, wotsika phiri la Zomba, ndi wa Chiweta popita ku Karonga. M'malo oterewa ngakhale mabuleki atsopano akhoza kukana ngati dalaivala sakuwagwiritsa ntchito bwino.

Dalaivala akatsika phiri lonse phazi lili pa buleki, mapadi amatentha mopitirira muyezo n'kuyamba kuterera m'malo mogwira. Kutenthako kukafika ku mafuta, mafutawo amawira n'kutulutsa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati mpweya. Phazi limangofika pansi. Chenjezo loyamba limakhala fungo lakuthwa, longa la mphira kapena nsalu yopserera. Nthawi zina utsi umaoneka ku tayala. Mukamva fungo limeneli, galimoto iime pamalo otetezeka kuti mabuleki azizire okha. Musakhudze chitsulo cha tayala, chikuwotchani. Musathirepo madzi, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka.

Njira yoyenera yotsikira phiri ndi kuika giya yaing'ono musanayambe kutsika, kuti injini izigwira galimoto, buleki n'kumangothandizira mwa apo ndi apo. Madalaivala akale amati giya imene mungakwerere phirilo ndi yomwe muyenera kutsikira. Pa galimoto ya otomatiki, chotsani pa D muike pa giya yotsika, imene imalembedwa 2, L, S kapena B malinga ndi mtundu wa galimoto.

Chifukwa cha kukwera mtengo kwa mafuta, madalaivala ena amachotsa giya pamtsetse, ena amazimitsa ndi injini yomwe, kuti galimoto izingotsetsereka. Mukamva injini yangoti zii pamtsetse galimoto ikuthamanga, dziwani kuti moyo wanu uli pachiswe. Katundu yense watsala pa mabuleki okha, ndipo injini ikazima, chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi chimasiya kugwira ntchito mukangoponda kangapo.

Fungo lopserera likamveka pamsewu wopanda chitunda, onani ngati hendibuleki inamasulidwa yonse. Ngati inamasulidwa, mwina buleki ya tayala limodzi yakakamira. Mukaima, yandikizani dzanja ku tayala lililonse osakhudza. Lotentha kuposa anzake ndilo lili ndi vuto.

Zimene maso amaona

Mukaliza galimoto, timagetsi tonse ta kutsogolo kwa dalaivala timayaka kwa kanthawi kenako n'kuzima. Kagetsi kofiira kokhala ndi chizindikiro cha mfuwu mkati mwa kamkombero ndi ka mabuleki. Kamayaka hendibuleki ikakhala yokoka. Ngati mwaimasula koma kakuyakabe, mafuta a mabuleki achepa kapena pali vuto lina lalikulu, ndipo musayende musanaone. Kagetsi kachikasu kolembedwa ABS kakamayaka kokha, buleki wamba imagwirabe koma chitetezo cha pamsewu woterera palibe, choncho kaonetseni msanga. Tonse tiwiri tikayaka pamodzi, imani. Ndipo chenjerani ndi galimoto imene kagetsi kake anakamata ndi tepi yakuda.

Tsegulani boneti. Cha kumbuyo kwa injini, mbali ya dalaivala, kuli kabotolo kapulasitiki koonekera mkati, kolembedwa MIN ndi MAX m'mbali mwake. Mafuta ayenera kukhala pakati pa mizere iwiriyo. Amatsika pang'ono kwambiri mapadi akamapereseka, ndipo zimenezi zimatenga miyezi. Ngati akutsika msanga moti mukuwonjezera sabata iliyonse, akutayika penapake. Injini imamwa petulo, koma mabuleki samamwa mafuta ake. Kuwonjezera si kukonza. Kuli ngati kumathira madzi mumtsuko wobooka. Onani pansi pamene galimoto inagona, ndiponso mkati mwa matayala ngati muli monyowa.

Onaninso mtundu wa mafutawo. Atsopano amakhala oyera motuwira chikasu ngati mafuta ophikira. Akada ngati tiyi wopanda mkaka, akalamba. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono. Atsopano a mtundu wa DOT 3 sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230, pomwe madzi amawira pa madigiri 100 okha. Madzi akachuluka mkati, mafuta amawira msanga, ndipo izi zimachitikira pamtsetse pomwe mukuwafunitsitsa. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amalangiza kusintha mafuta onse pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ngakhale galimoto isayende kwambiri. Mtundu woyenera umalembedwa pa chivundikiro cha kabotolo kaja.

M'kabotolo kameneka musalole kuthiramo china chilichonse. Madzi, madzi a sopo, mafuta ophikira kapena oyilo wa injini, zonsezi anthu amathira pofuna kuti angofika. Madzi amawira ndi kuchititsa dzimbiri, ndipo oyilo amatupitsa timphira ta mkati mpaka mabuleki onse kuwonongeka. Dziwaninso kuti mafuta a mabuleki ndi poizoni. Musawasunge m'botolo la chakumwa, ndipo aikeni patali ndi ana. Mwana akamwa, thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo.

Pa galimoto zina mapadi amaoneka mukasuzumira pa mipata ya chitsulo cha tayala. Atsopano amakhala okhuthala mamilimita pafupifupi 10 mpaka 12. Akatsala mamilimita 3, kungoposa pang'ono kamtengo ka machesi, nthawi yosintha yakwana. Musaiwale matayala. Buleki imaimitsa tayala, koma tayala ndilo limagwira msewu. Matayala osalala ngati chikhatho amatsetsereka ngakhale mabuleki ali atsopano.

Mphindi zisanu musanatuluke pakhomo

Ngati pakhomo panu pali galimoto, kaya mumayendetsa ndinu, abambo akunyumba kapena mwana wanu, chitani izi kamodzi pa sabata ndiponso musanayambe ulendo wautali.

Onani pansi ndi mkati mwa matayala ngati mukudontha kanthu, kenako muone mafuta m'kabotolo.

Injini isanalire, pondani buleki kanayi kapena kasanu mpaka italimba. Phazi likadali pomwepo, lizani injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono, kusonyeza kuti chowonjezera mphamvu chikugwira ntchito.

Pitirizani kuponda mwamphamvu kwa theka la mphindi. Chopondera chisatsikenso.

Tumani mwana aime kumbuyo chapambali, akuuzeni ngati magetsi ofiira akuyaka mukaponda buleki.

Mukangoyamba kuyenda, yesani buleki pa liwiro lochepa musanalowe mumsewu waukulu. Chitaninso chimodzimodzi mukawoloka madzi kapena mukachoka kotsukitsa galimoto, chifukwa mabuleki onyowa sagwira bwino. Kuponda pang'onopang'ono kangapo kumawaumitsa.

Pamene gulu likubwereka galimoto

Apa m'pamene inu atsogoleri a gulu muli ndi mphamvu, chifukwa ndalama zili m'manja mwanu. Musamalize kukambirana mtengo musanaione galimoto. Utoto wonyezimira ndi wailesi yokweza zisakukopeni. Paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Onani pagalasi lakutsogolo ngati COF ndi inshuwalansi zisanathe masiku. Komabe COF imangotsimikiza kuti galimoto inali bwino tsiku limene inayesedwa. Funsani mwini wake kuti mapadi anasinthidwa liti. Pemphani dalaivala atsegule boneti muone kabotolo kaja. Kwerani amayi awiri, ayende nanu pang'ono, mumve ngati ikulira, ikukokera mbali, kapena ngati akupopa buleki. Ngati m'parishi muli mkhristu wodziwa za umakaniko, m'pempheni akuperekezeni. Mukaona kuti nthawi iliyonse galimoto ikaima kondakitala akuthamangira kukaika mwala kutayala, ngakhale pamalo osatsetsereka kwenikweni, hendibuleki yake ndi yakufa.

Malole akuluakulu ndi mabasi ambiri amagwiritsa ntchito mabuleki a mpweya. Kulira kwa tsiii kamodzi dalaivala akachotsa phazi n'kwabwinobwino. Koma mpweya ukamangofwenthera osalekeza galimoto itaima, ukutayika. M'mawa dalaivala amadikira kuti mpweya udzaze m'matanki asananyamuke. Musamufulumizitse ponena kuti Misa iyamba.

Gwirizanani chiwerengero cha anthu ndipo musachipyole. Tikudziwa kuti n'kovuta kumusiya mnzanu pasiteji atavala kale yunifolomu, koma katundu akachuluka mabuleki amatentha msanga ndipo galimoto imaima patali. Nyamukani nthawi yabwino kuti pasakhale chifukwa chothamangira. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi.

Muli paulendo, mukamva fungo lopserera, kukwecha, kapena injini itazima pamtsetse, yankhulani. Palibe chifukwa chokalipa. Nenani mwaulemu koma momveka kuti, "Adalaivala, pepani, tatiimitsani kaye pamalo abwino, tikumva fungo la mabuleki." Mmodzi akayankhula, ena muvomereze, chifukwa dalaivala akhoza kunyozera munthu mmodzi koma sanganyozere gulu lonse. Akakana, tsikani pamalo oyamba otetezeka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Za kabaza ndi chimodzimodzi. Musanakwere njinga yamoto kapena yakapalasa, pemphani mwini wake agwire buleki yakutsogolo ndi yakumbuyo inu mukuona. Wakabaza amene amaimitsa njinga pokhweresa nsapato pansi kapena patayala, musiyeni apite. Ngakhale njinga ya mwana wanu yopitira kusukulu ionereni timphira ta mabuleki ndi mawaya ake. Mtengo wake ndi wochepa.

Mukafika kugalaja

Fotokozani zimene mwamva monga mumafotokozera adokotala za mwana: phokoso lake ndi lotani, limamveka nthawi yanji, linayamba liti. Pemphani amakaniko akuonetseni mapadi akale ndi atsopano pamodzi, kuti muone nokha kusiyana kwake. Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kumanzere ndi kumanja. Kusintha mbali imodzi kumachititsa galimoto kukokera mbali.

Pewani zida zotsika mtengo modabwitsa, ndi mapadi ogwiritsidwa kale ntchito. Musalolenso njira yachidule yotseka paipi ya tayala limene likudontha kuti galimoto iziyenda ndi mabuleki a matayala atatu. Ntchito ikatha, amakaniko ayese galimoto pamsewu asanakupatseni makiyi. Inunso pondani buleki kangapo musanasunthe, ndipo masiku oyamba yendani mofatsa kuti mapadi atsopano akhazikike. Lembani tsikulo ndi makilomita m'kabuku kosunga m'galimoto momwemo.

Ngati mwana wanu kapena amuna anu amagwira ntchito kugalaja, akumbutseni kuti fumbi la mabuleki ndi loipa m'mapapo. Asaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa pampu. Alipukute ndi nsalu yonyowa, ndipo asambe m'manja asanadye.

Nkhani ya ndalama tikuidziwa. Pakhomo pamakhala fizi, feteleza ndi ndiwo, ndipo galimoto ikamayendabe, mabuleki amaikidwa kumapeto. Koma galimoto yothyoka galasi kapena yofa wailesi ikhoza kudikira. Ya mabuleki okwecha singadikire. Ngati galimoto kapena njinga yamoto ndi imene imadyetsa banja lanu, muzipatula kangachepe mwezi uliwonse, monga mumachitira ku banki m'khonde, kuti tsiku la mapadi lisakupezeni manja ali m'khosi. Ndalama zikasowa, ndi bwino galimoto igone pakhomo.

Mabuleki akakana muli pamsewu

Ngati mukuyendetsa ndinu, gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri ndipo chotsani phazi pa moto. Popani buleki mofulumira kangapo, nthawi zina imabwerera. Tsitsani magiya imodziimodzi. Kokani hendibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani lake, osati mwadzidzidzi, kuti matayala akumbuyo asatsetsereke. Lizani hutala ndi kuyatsa magetsi ochenjeza. Musazimitse injini galimoto isanaime, chifukwa chiwongolero chimauma kapena kutsekeka. Yang'anani malo okwera, amchenga kapena a tchire lofewa, kutali ndi anthu. Galimoto ikaima, musayendenso nayo ngakhale buleki itaoneka ngati yabwerera.

Udindo wathu ngati akhristu

Mu 2007 likulu la Mpingo ku Vatican linatulutsa chikalata cha malangizo a utumiki wa pamsewu, chokumbutsa kuti lamulo lachisanu la Mulungu, loteteza moyo, limagwiranso ntchito munthu akakhala pa chiwongolero. Kunyamula anthu pa galimoto imene ukudziwa kuti mabuleki ake sali bwino ndi nkhani ya chikumbumtima. Timachita bwino kupemphera tisananyamuke, kupempha bambo mfumu kudalitsa galimoto, kupachika kolona ndi kudzipereka m'manja mwa Khristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo. Mulungu yemweyo anatipatsanso makutu omvera kulira kwa mapadi ndi pakamwa poyankhulira.

Pamsonkhano wanu wotsatira, werengani nkhaniyi pamodzi. Sankhani amayi awiri amene aziona galimoto iliyonse gulu lisanailipire, ndipo zilembedwe m'buku la mlembi. Pemphani makaniko wa m'parishi abwere Loweruka lina adzakuonetseni kabotolo ka mafuta, mapadi akale ndi atsopano, kuti aliyense aone ndi maso ake. Lamulungu lachitatu la mwezi wa November ndi tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira anthu amene anafa pa ngozi za pamsewu. Mukhoza kupereka Misa yopempherera abale athu amenewa, ndipo ikatha, muitane eni galimoto, a minibasi ndi a kabaza a m'miphakati yanu pabwalo la tchalitchi, aliyense atsegule boneti kapena agwire buleki ya njinga yake, muone limodzi.